Kachida komata pakhungu kamayeza, sikachiza

M'mayiko akutali akatswiri a sayansi ali kalikiliki kupanga tizida tofewa tomata pakhungu ngati pulasitala. Ntchito yake n'kuyeza kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima ndi mchere wa m'thukuta, munthu ali kumunda kapena ali m'tulo. Chatsopano n'chakuti tina akutipanga ndi zinthu zachilengedwe: thonje, pepala, ulusi wa silika wochokera ku mbozi ndi makoko a nkhanu.

Nkhaniyi si nthano ayi. M'chaka cha 2012 gulu la Michael McAlpine, la pa yunivesite ya Princeton ku America, lidamata kachida ka silika pa dzino, ndipo kadatha kuzindikira tizilombo toyambitsa matenda. M'chaka cha 2017 gulu la James Tour, la pa yunivesite ya Rice, lidawaula thabwa ndi kuwala kwamphamvu kwa laser, pamwamba pake n'kusanduka makala opyapyala otchedwa graphene, omwe magetsi amayendamo bwino. Chaka chotsatira adachita chimodzimodzi pa nsalu, pepala ndi chikoko cha kokonati.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Mtsempha ukagunda, kansaluko kamatamuka pang'ono, magetsi oyendamo n'kusintha, ndipo foni imawerenga kusinthako. Ubwino wa thonje ndi silika n'ngwakuti n'zofewa pakhungu, komanso zikatayidwa zimawola. Bungwe la United Nations lidawerengera kuti m'chaka cha 2022 dziko lapansi lidataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zida zamagetsi. Dzala la kumudzi silisowa zina zowonjezera.

Kodi izi zikumukhudza bwanji mlimi wa ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde? Zikumukhudza chifukwa cha mtunda. Alipo ambiri amene amayenda maola angapo kuti akafike kuchipatala, choncho amapitako pokhapokha matenda akakula. Koma kuthamanga kwa magazi sikuwomba ng'oma pobwera. Kafukufuku wa m'zaka za 2014 ndi 2015 adapeza kuti mu Mozambique anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vutoli, ndipo ochuluka sankadziwa. Kachida kotsika mtengo kochenjeza msanga kangapulumutse bambo kuti asafe ziwalo, kangapulumutsenso mayi woyembekezera.

Komabe anthu asavinire ng'oma yomwe sinafike. Tizida tambiri ta mtunduwu tikadali m'nyumba zoyesera. Thukuta ndi madzi zimawononga msanga zinthu zachilengedwe. Tambiri timafunanso foni ndi batire. Ndipo choposa zonse, kachida kamangonena kuti zinthu sizili bwino. Kakalira usiku, namwino ali kutali, mankhwala kulibe, njinga yafa, phindu lake n'chiyani?

N'chifukwa chake a Unduna wa Zaumoyo ayenera kukonzekera nthawi ikadalipo. Chida chilichonse chiyambe chayesedwa m'dziko muno, pa kutentha ndi fumbi la kuno, chisanafike pamsika. Chikavomerezedwa, chiyambe kuperekedwa kwa a zaumoyo a m'midzi, ma APE, omwe amadziwa khomo lililonse. Chitsanzo chilipo kale: kalamba kamitundu koyezera mkono wa mwana. Kalibe batire, n'kotsika mtengo, koma kathandiza ana ambiri chifukwa woyezayo amadziwa kotumiza mwana wonyentchera.

Mafumu nawo akhale tcheru. Akadzabwera munthu pamsika ndi chibangili kapena kansalu n'kumati kamachiza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ameneyo ndi tambwali, akufuna ndalama za chimanga ndi mbatatesi basi.

Akuluakulu adati fodya ndi uyo ali pamphuno. Makina opopa pamkono oyezera magazi alipo kale m'zipatala. Amene wadutsa zaka 40, ndi mayi aliyense woyembekezera, asadikire kachida ka ku America. Apite akayezetse mwezi uno.