Za Kumwamba: Nyenyezi Yobisala mu Utsi Wake

Akristu anzathu a ku Kasungu, ino ndiyo nyengo yakuti ambiri a ife tichezera usiku kusonkhezera moto wa m'mabalani a fodya. Tsono potuluka kukapuma mphepo, takwezani maso kummwera, cha kumadzulo kwa nyenyezi za Mtanda. Kumeneko, m'gulu la nyenyezi lotchedwa Vela, kuli kamtambo kozungulira ngati nkhata, kosapenyeka ndi maso okha. Akatswiri akatcha NGC 3132.

Nkhata imeneyi ndiyo mpweya umene nyenyezi ina inautaya itakalamba, pakutha nkhuni zake. Chotsala pakati ndicho mtima wake, waung'ono monga dziko lathu lino, koma wotentha kopambana nkhope ya dzuwa kakhumi ndi kupitirira. Nanga chotentha chotere chibisala bwanji? Pakuti nchaching'ono, ndiponso kuwala kwake kochuluka nkwa mtundu umene diso la munthu siliuona, umene mpweya wokuta dziko lathu uutsekereza. Ndipo mtambo wake womwe uwala nuchiphimba, monga utsi wa mtengo wauwisi ubisa khala limene laubala. Amayi ophika m'nyengo ya mvula adziwa chimene tinena.

Chifukwa chake anthu anakweza magalasi ao pamwamba pa mpweya: Hubble m'chaka cha 1990, ndi James Webb pa tsiku la Khrisimasi la 2021, amene akhala kutali ndi ife makilomita 1,500,000.

Pakati pa nkhatayo pali nyenyezi ziwiri, ina yowala, ina yofooka. Wopenya msanga ayesa kuti yowalayo ndiyo mwini mtambo. Iai, yowalayo ndi mnzake chabe. Mwini wake ndi kofookako. Hubble anakaonetsa ngati kadontho, koma mu July 2022 James Webb, amene apenya kuwala kofunda kopyola m'fumbi, anasonyeza kuti kavala fumbi ngati chofunda. Ife tiyesa chimenechi chinthu chokoma koposa mitundu yonse ya pa chithunzicho. Kuwala kumene anakugwira kunayenda zaka 2,000 kapena kupitirirapo. Ndiko kuti kunanyamuka cha m'masiku a Ambuye athu, kapena asanabadwe.

Dzuwa limene liumitsa chimanga chathu lidzatsata njira yomweyi, lidzataya mpweya wake nilisiya khala loyera. Ana akamva zimenezi ku sukulu nabwera ndi mantha, muwauze kuti akatswiri awerenga zaka ngati 5,000,000,000 zisanachitike.