Kodi Parkour Ndi ya Yani?

Nditamva koyamba dzina loti Yamakasi, ndinkayesa ndi Chijapani. Ndinalakwa. Ndi Chilingala, chinenero cha ku Congo chomwe ndi chachibale ndi Chichewa. "Ya makasi" ndiye kuti "ya mphamvu", ndipo kamawu koti "ya" ndi komweko timagwiritsa ntchito ife. Dzinali anadzipatsa mu 1997 ndi anyamata asanu ndi anayi, ambiri mwa iwo a ku Lisses ndi Évry, kummwera kwa Paris, omwe anayambitsa parkour, luso lothamanga m'tauni molumpha mipanda, kukwera makoma ndi kudumpha kuchoka padenga lina kupita pa lina.

Tangoonani mayina awo: David Belle, Sébastien Foucan, Châu Belle Dinh, Malik Diouf, Guylain N'Guba Boyeke. Ambiri mwa iwo makolo awo anachokera kutali ndi France. Bambo ake a David, a Raymond Belle, anakulira ku Vietnam asanakhale ozimitsa moto ku Paris. Mawu oti parkour amachokera ku "parcours du combattant", bwalo la zopinga lophunzitsira asilikali, koma anyamatawa analibe bwalo lotero. Anali ndi masitepe ndi makoma a nyumba zosanjikizana za m'dera lawo, ndipo sankalipira aliyense.

N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi zomwe linachita bungwe la masewera a jimunasitiki padziko lonse, FIG, potenga parkour kukhala gawo lake mu 2017 n'kuchititsa mpikisano wa dziko lonse ku Tokyo mu 2022, ngakhale ochita parkour ambiri anakana. Ena amati mpikisano umabweretsa ndalama, alangizi ndi chitetezo, komanso kuti atsikana amene amaopa kuzumidwa mumsewu amamasuka kuphunzirira m'holo. Mfundo ya atsikanayi ndi yoona ndithu, sindingaipeputse. Koma holo ili ndi chitseko, ndipo pachitsekopo pamakhala wolandira ndalama. Mwana wa munthu wosauka, amene masewerawa anayambira kwa anzake, ndiye woyamba kubwezedwa.

Palinso nkhani ya zigoli. Ku Lisses, wochita parkour ankabwereza kulumpha kumodzi mpaka mantha atatha, popanda womuwerengera masekondi. Anyamata a ku Khan Younis, ku Gaza, ankachita zofananazo m'manda ndi m'mabwinja a nyumba zogumuka. Oweruza a FIG akanawapatsa mapointi angati?