Chithunzi chimodzi sichikwana kukhala mboni

Chakumapeto kwa chaka cha 2019, zithunzi za mathithi a Mosi-oa-Tunya zinafala dziko lonse. Zinkaonetsa phompho la miyala yakuda youma gwa, timadzi tikungodontha apo ndi apo. Nyuzipepala zakunja zinalengeza kuti mathithiwo akuuma, ndipo naye Pulezidenti Edgar Lungu anaika zithunzi zotere pa Twitter pochenjeza za kusintha kwa nyengo. Eni malo ogona alendo ku Livingstone ndi ku Victoria Falls anapsa mtima, nayamba kufalitsa zithunzi zawo zoonetsa madzi akugwa mwamkokomo. Onsewo zithunzi zawo zinali zoona.

Chimene zithunzizo sizinanene n'chakuti chigawo chakum'mawa cha mathithiwo, mbali ya Zambia, chimaphwa pafupifupi chaka ndi chaka mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutsidya la Zimbabwe madzi saleka kugwa. Zambezi amadzaza mochedwa, cha mu Epulo, chifukwa mvula yake imagwa kutali, ku Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, madziwo n'kuyamba aswera m'chigwa cha Barotse. Komabe chilala cha chaka chimenecho sichinali chongopeka: nyanja ya Kariba inatsika, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri ku Lusaka ndi ku Harare.

Zambezi ali ndi mwayi, pakuti bungwe la Zambezi River Authority limayeza madzi ake ndi kusunga ziwerengero. Nanga dambo la kwanu ku Katete, ku Angonia kapena ku Dedza amaliyeza ndani? Tikamakangana kuti kale mtsinje uja sunkaphwa, umboni wathu ndi chikumbumtima cha agogo basi, ndipo agogowo akutha. N'chifukwa chake ndikuti aliyense wa ife amene ali ndi foni asankhe malo amodzi, aziwajambula mwezi ndi mwezi ataima pamwala umodzimodziwo.

Alipo amene anene kuti zithunzi 12 za phiri limodzi n'zotopetsa. Otero sanayang'anitsitse dziko lathu. M'dzinja udzu umabisa njira, chimanga n'kumeza midzi. Masika akafika, minda imasanduka yofiirira, mikukwe itaima ngati anthu pamsonkhano. Mu Juni ndi Julaye chiperoni chimaphimba Thyolo ndi Mulanje, kunyanja mwera ukukankha mabwato kumtunda. Kenaka, mvula isanaganize n'komwe zobwera, mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira ngati yathiridwa magazi, ndipo utsi wa lupsa umachuluka mpaka phiri lalikulu ngati la Mulanje kuzimirira m'maso mwa munthu woima patsinde pake, kufikira chizimalupsa chitadzatsuka mlengalenga. Msangu ndiye mtengo wamakani: umayoyola masamba m'dzinja anzake onse atabiriwira, n'kuvala m'chilimwe anzake ali mbulanda. Mlendo woujambula mu Janyuwale angalumbire kuti ndi wakufa.

Komatu kukongola si kumene kwandilembetsa izi. Chaka choyamba zithunzi zimakuphunzitsani chizolowezi cha malowo. Phindu lenileni limayamba chaka chachitatu kapena chachisanu, pamene muika Novembala uyu pambali pa Novembala uja n'kuona kuti mitengo ya m'mbali mwa phiri yatha, minda yakwera, chigwembe chakula. Anthu a ku Chilobwe anaona phiri la Soche likumetedwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri matope asanatsike ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Kusintha kwa tsiku ndi tsiku diso limakuzolowera. Chithunzi sichizolowera kanthu. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mbali yaikulu mu 2018, anthu mpaka kumayenda pansi kuchoka ku Kachulu kupita kuchilumba cha Chisi. Kuphwa kotere sikuoneka m'zithunzi za chaka chimodzi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchitoyi sifuna kamera yodula, imafuna mwambo. Poimira pakhale pokhazikika, monga thanthwe, mlatho kapena ngodya ya tchalitchi, osati chulu chimene mawa wina adzaumbira njerwa. Nthawi ikhale imodzimodzi, makamaka m'mawa, ndipo m'chithunzimo mukhale chinthu chosasuntha, kaya mlambe kaya nsonga ya phiri, chodzafanizira nacho. Musachikometse ndi mitundu ya m'foni. Udzu wouma ukhale wouma. Mudziwenso kuti chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp chimataya chidindo cha tsiku limene chinajambulidwa, choncho lembani tsiku ndi malo, ndipo zina muzitsukitse papepala, poti mafoni amabedwa ndi kufa.

Inu abale a ku Johannesburg, Bulawayo ndi Leeds, amene mumafika kumudzi pa Khirisimasi pokha, dziko mumaliona litavala zovala zapatchuthi. Potumiza ndalama ya fetereza, onjezerani pang'ono ya mayunitsi, mupemphe mdzukulu azikaima pamalo amodzi tsiku loyamba la mwezi uliwonse, makamaka mu Okutobala, mwezi umene palibe amafuna kujambula.