Nkhokwe ziwiri pabwalo limodzi

Pa 10 March 2021, usiku, moto udabuka mumzinda wa Strasbourg ku France n'kupsereza nyumba ya makompyuta ya kampani ya OVHcloud yotchedwa SBG2. Palibe adamwalira, koma mawebusayiti ankhaninkhani adazima. Amene amandimvetsa chisoni pankhaniyi ndi makasitomala ena omwe ankalipira kuti mafayilo awo azikhala ndi backup. Atafunsa za makope aja, adapeza kuti ankasungidwa pamalo omwewo ndipo adapsera kumodzi. Mu 2023 khothi la ku Lille lidalamula kampaniyo kuti ilipire ena mwa iwo.

Nanga kuno kwathu? Lowani muofesi ya SACCO kapena sukulu, kawirikawiri mupeza seva ili pansi pa tebulo, disiki ya backup ili pamwamba pake. Wakuba anyamula zonse ulendo umodzi, madzi osefukira nawo sasankha. Namondwe Freddy wa mu 2023 adationetsa kuti matope amatha kukokolola mudzi wonse. N'chifukwa chake ndikuti kope lina lizikhala kutali ndithu: ngati ofesi ili ku Blantyre, seva yachiwiri ikhale ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Akatswiri amati 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, limodzi lili kwina.

Mudandaula za mtengo wa intaneti, ndikudziwa. Koma pulogalamu yaulere ya rsync, yomwe Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras adatulutsa mu 1996, situmiza zonse tsiku lililonse. Imayerekeza mbali ziwirizo n'kutumiza zokhazo zomwe zasintha. Kope loyamba, lomwe ndi lalikulu, likwere basi pa disiki yotsekedwa ndi pasiwedi. Zotsatirazo zizipita usiku anthu ataweruka.

Pali msampha umodzi womwe ambiri sauona. Seva yongotengera chilichonse chomwe inzake yachita imatengeranso zoipa. Kalaliki akafufuta kaundula wa ngongole mwangozi masana, pofika mawa lake kwinako wafufutikanso. Ransomware ikamanga mafayilo, omangidwawo ndiwo amakopedwa. Choncho seva yakutaliyo izisunga za dzulo, za sabata yatha ndi za mwezi watha padera, ndipo ndi iyo izibwera kudzatenga mafayilo, yakuofesi isakhale ndi mphamvu yofufuta kanthu kumeneko.

Inu abwana amene mumasainira ndalama za zimenezi, musakhutire ndi mawu akuti "backup ilipo". Muuzeni wa IT wanu abweze fayilo ya malipiro a mwezi wa June kuchokera ku seva yakutaliyo inu mukuona, ndipo muwerenge maola omwe zitenge.