Ba assessor si adani anu, koma si amalume anu

Mwezi watha mnzanga wina wa u-DJ ananitumila foni usiku, mawu ali kunjenjemela. "Mwana, anigunda kumbuyo pa ma robot." Anali kuchoka ku gig, alowela ku Chelstone pa Great East Road. Ka Vitz kake bampala pansi, buti yakana kutseka. Mwamwayi palibe anapweteka, ndipo motoka ili pa comprehensive.

Patapita masiku, kampani ya inshuwalensi inatuma assessor. Apa m'pamene mnzanga anayamba nzelu. Pa chitseko panali kale kopindika, pamene anagunda geti chaka chatha. Wa ku garaji ati, "Tiikemo chabe mu quotation, ba assessor muwapase ka lunch." Ba assessor anafika, anajambula, anagwila pa chitseko paja, anaona dzimbili. "Ichi ni chakale, boss." Lunch anakana. Mnzanga anakalipa tsiku lonse, ati mudala uja ni woipa mtima.

Ine niti mudala uja anamupulumutsa. Bodza pa claim lingapangitse kampani kukana claim yonse, ngakhale ya bampala yamene inali yoona.

Nchito ya assessor ni kuona chamene chaonongeka, chinaonongeka bwanji, na ndalama zingati zingakonzele. Ngati kukonza kudula pafupi na mtengo wa motoka yonse, amalemba kuti ni write-off. Pa nkhani zikulu, monga shopu kapena nyumba yapsa, amene amabwela ni loss adjuster. Mukumbuka City Market pamene inapsa mu July 2017? Pa moto wa so, wa inshuwalensi amafunsidwa malisiti na mabuku a katundu, osati misozi.

Aba anthu sangouka chabe m'mawa na kuyamba nchito. Afunika layisensi yochoka ku Pensions and Insurance Authority, PIA, pansi pa Insurance Act ya 2021. Muli na ufulu wofunsa dzina lawo na kampani yamene yawatuma, na kufunsa ku PIA ngati ali pa mndandanda.

Zoona, amene amawalipila nthawi zambili ni kampani ya inshuwalensi. Koma lipoti yawo ifunika kukamba chilungamo. Safunika kuchepetsa mtengo kuti akondweletse kampani, safunika kukweza chifukwa mwawapasa kanthu, ndipo safunika kudyela pamodzi na garaji. Wina akakupemphani ya "fuel" kuti pepa iyende msanga, lembani dzina lake.

Manje imwe mbali yanu ni iyi. Ngozi ikachitika, jambulani pamene apo na foni, tengani police report, uzani kampani mwamsanga. Osakonza motoka assessor asanaione. Dziwani excess yanu, ndalama yamene mumaikapo mweka pa claim iliyonse, kuti musadabwe. Ngati muli na third party chabe, ija imalipila amene mwagunda, yanu mukonza mweka. Ndipo imwe a Yango, ngati munalembetsa motoka kuti ni ya pa nyumba koma muinyamulila anthu, assessor akadziwa, claim ingafe pamene apo. Kambani zoona polembetsa, osati pa tsiku la ngozi.

Simunakhutile na mtengo wamene alemba? Osatukwana pa Facebook. Pemphani akufotokozeleni mwamene awelengela, bweletsani quotation ina, lembani dandaulo ku kampani na kusunga kopi. Akakuzungulutsani, PIA imalandila madandaulo.

Ka Vitz kanatuluka mu garaji, bampala nyowani. Spika imodzi yamene inasweka mu buti sanalipile, chifukwa zida za nchito sizinali pa policy ya motoka. Chitseko chikali chopindika. Loweluka ananipeleka nako ku show, ndipo ati geti ija azaigwetsa yekha.