MWINI MUDZI ASANDUKA WANCHITO PA KANEMA

Sabata lino tikambe za Hawaii, zisumbu za pakati pa nyanja yaikuru ya Pacific. Amene anazionapo pa wailesi ya kanema anganene kuti eni dzikolo ali ndi nchito zitatu cabe: kuvina hula, kuveka alendo nkhata za maluwa, ndi kumwetulira.

Taonani sewero la apolisi lochedwa Hawaii Five-O, limene linaonetsedwa kuyambira 1968 kufikira 1980. Mkuru wa apolisiwo anali mzungu, Jack Lord. Mwana wa m'dzikomo, Gilbert Kauhi, wodziwika ndi dzina lakuti Zulu ngakhale sanali Mngoni, anapatsidwa malo a Kono, wapolisi wojincha wongotumidwa. Pamene sewerolo linakonzedwanso mu 2010, malo a Kono anapita kwa Grace Park, amene makolo ace ndi a ku Korea.

Cimene kanema sananene ndi ici. Nyumba imene anaionetsa monga likulu la apolisi m'sewero loyambalo ndi Iolani Palace, nyumba ya mafumu a Hawaii. Mu 1893 azungu amalonda, atalimbikitsidwa ndi asilikali a America, analanda ufumu kwa Mfumukazi Liliuokalani, ndipo mu 1895 anamtsekera m'cipinda ca nyumba yomweyo. Mu 1896 lamulo linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira m'masukulu. Komatu anthu awa anali ndi nyuzipepala m'cinenero cao kuyambira 1834. Makolo athu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ku Hawaii mame sanakamuke.

Wina angati, "Si masewera cabe kodi?" Iai. Mwana woona mtundu wace ukunyamula katundu wa alendo usiku uli wonse amakula poyesa kuti ndiwo malo ace. Nayenso wakutali amaiwala kuti pali dziko limene linalandidwa.

Eni ace sanakhale manja lende. Mu 1978 cinenero cao cinabvomerezedwa kukhala ca boma, ndipo mu 1984 anatsegula masukulu a ana ang'ono ochedwa Punana Leo. Boma la America linapepesa mu 1993. Mu 2025 kunaturuka sewero la Chief of War, m'mene Jason Momoa ndi anzace asimba za mafumu ao, mbali yaikuru m'cinenero ca makolo.

Tsono poonera kanema, ife akuru tifunse pamaso pa ana: kodi wosimba nkhaniyi ndani, ndipo mwini mudzi amuika pati?