Agalu anafa na chimanga choipa, manje ndani apima thumba la pa msika?

Amai na atate ogulitsa m'misika, a pa Soweto, a pa City Market, a ku Matero, Chawama na Mtendere, kufikila abale athu a pa Kapata ku Chipata! Lelo tikambeko za thumba limene lili pansi pa tebulo lanu, la nshawa, la chimanga olo la kayela, na zimene zichitika mkati mwake pamene inu muli kalikiliki kuitana makasitoma.

Mukumbukila mu August 2024? Nduna ya zaumoyo inauza dziko kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'mwezi umodzi atadya zakudya zopangidwa na chimanga choipa. Anatenga masampo 25 ku makampani ogaya, ndipo pafupifupi theka anapezeka na poizoni wochuluka wochedwa aflatoxin. Unga wina unachotsedwa m'mashopu. Patapita masabata ochepa nkhani inazilala, ngati kuti vuto linali la agalu a kumayadi chabe. Koma chimanga chija chinachoka m'minda imodzimodzi na chimene ise tigulitsa pa meda, m'chaka chimodzimodzi cha chilala chimene boma linalengeza mu February kuti ni tsoka la dziko lonse.

Aflatoxin ni poizoni wochokela ku chuku. Chuku chake ophunzila achicha Aspergillus flavus, chikhala m'dothi, ndipo chikonda maningi nshawa na chimanga. Mbeu ikavutika na dzuwa kumunda, chuku chilowa mosavuta. Ikakololedwa yosauma bwino, olo thumba likagona pa simenti yonyowa, chuku chikula. Choipa kwambili n'chakuti poizoni wake samafa na moto wa pa mbaula. Phikani nsima, kazingani nshawa, sinjani nsinjilo, iye alimo ndithu. Aononga chiwindi pang'onopang'ono, abweletsa khansa ya chiwindi makamaka kwa munthu amene ali kale na hepatitis B, ndipo ofufuza aona kuti ana amene adya poizoniyu kawilikawili sakula bwino. Alowa na mu mkaka, wa ng'ombe ngakhale wa amai oyamwitsa.

Izi si zatsopano ai. Aflatoxin anadziwika ku England pambuyo pa 1960, chaka chimene nkhukundembo zopitilila 100,000 zinafa zitadya chakudya cha nshawa zochokela ku Brazil. Mu 2004 kum'mawa kwa Kenya anthu 125 anamwalila na chimanga chimene ambili anadzilimila okha n'kusunga chisanaume. Kuno kwathu, kuyambila 2012 mpaka 2014, ofufuza a ICRISAT pamodzi na anzawo a muno anagula mabotolo mazana a peanut butter m'mashopu a ku Eastern Province na mu Lusaka, n'kupima. Ambili anapezeka na poizoni wopitilila muyeso, opangidwa muno na ochokela kunja omwe. Analemba pepala, nanena poyela kuti pafunika kupima nthawi na nthawi. Pepala lija lili m'Chizungu, m'magazini ya asayansi ku America. Ndani mwa inu anauzidwapo?

Apa m'pamene pali nkhani yanga. Anthu akonda kunena kuti mu Africa mulibe kafukufuku. Ni bodza. Pitani ku Mount Makulu ku Chilanga kumene kuli likulu la ZARI, pitani ku Msekera ku Chipata, ku Mochipapa ku Choma, ku Misamfu ku Kasama, ku sukulu ya zaulimi pa UNZA. Kuli ana athu ophunzila, ena agwila nchito na zipangizo zakalekale, koma agwila. Nshawa za MGV 4 na MGV 5 zimene muoda, dzina lake lichokela ku Msekera. Chimanga cha olenji chokhala na vitamini A chinatulutsidwa muno mu 2012. Palinso Aflasafe, imene a IITA anapanga pamodzi na ofufuza a muno. Ni mapila opakidwa chuku cha mtundu umodzimodzi koma chosabala poizoni. Mlimi awaza makilo 10 pa hekitala masabata awili kapena atatu mbeu zisanachite maluwa, ndiye chuku chabwino chilanda malo a choipa. Kumene ayesa m'maiko osiyanasiyana, poizoni atsika na 80 pa 100 olo kupitilila.

Nzelu zilipo. Koma ulendo wake uthela m'njila. Zichoka mu labu, zipita mu lipoti, zipita ku workshop mu hotela, ndipo zikachita mwai zifika kwa mlimi pa tsiku la chionetselo cha kumunda. Kwa wogulitsa pa msika sizifika. Wa zaulimi ali na kampu yake kumudzi, ayendela alimi. Nanga wa pa msika ayendeledwa na ndani? Ayendeledwa na wotolela levy.

Pamene chakudya chambili cha mu tauni chigona m'manja mwanu. Inu ndimwe muoda nshawa mu June zikali zochipa, zochoka ku Petauke, Katete olo Lundazi, n'kuzisunga kuti mukagulitse mu December mtengo ukakwela. Miyezi isanu, isanu na umodzi, thumba lili mu kasitolo ka malata kotentha masana, kodontha mvula ikayamba. Anankafumbwe akalowa mu kayela, ndalama ya chilimba ndiyo yasanduka fumbi. Ndipo kuyambila m'ma 1990 muno muli kachilombo kena koopsa kopambana nankafumbwe wamba, kamene kanachokela ku Central America n'kufika ku Tanzania kumapeto kwa ma 1970, kenaka kuno. Kaboola chimanga ngakhale chili pa chitsononkho, kasiya unga wokhawokha. Mlimi ataya, inde, koma amene wagula kale na ndalama ya kaloba ataya kawili.

Manje tikambe zoona tekhatekha, pakuti tidziwana. Pali ena kumudzi amene awaza madzi pa nshawa kuti zifewe potendela makoko, ena kuti thumba lileme pa sikelo. Madzi aja ndiye chakudya cha chuku. Palinso chizolowezi chathu cha pa msika: nshawa zabwino tiika pa mulu wa mtengo wapamwamba, zofota, zosweka na zakuda tigulitsa mochipa kwa osinja, olo tipita nazo kunyumba kukatendela chibwabwa. Ofufuza apeza mobwelezabweleza kuti poizoni wambili akhala mu nshawa zochepa zomwezo, zofota na zosintha mtundu. Kusankha na manja kuchotsa gawo lalikulu la poizoni. Koma ngati zosankhidwazo zibwelela mu nsinjilo, mu chikanda olo mu phala la mwana, ndiye kuti tasonkhanitsa poizoni yense n'kumupatsa wosauka. Na nkhuku zomwe siziyenela kudya.

Nidziwa yankho lanu: "Nanga ka meda kamene nitaya mu thumba lililonse, azanibwezela ndani?" Funso ili n'loona, ndipo ine sinizakupatsani ulaliki. Kasitoma sapeleka ngwee yoonjezela pa nshawa zosankhidwa, chifukwa alibe njila yodziwila. Poizoni saoneka, nthawi zina nshawa ioneka bwinobwino koma ili naye. Pokhapo ngati pali wopima pa msika, wopatsa chizindikilo kuti thumba ili lapimidwa, m'pamene woona mtima angapindule na kuona mtima kwake. Tuzipangizo topimila mwamsanga tulipo, tuoneka ngati tuja topimila malungo ku kiliniki, ndipo yankho lituluka tsiku lomwelo. Ngati makampani otumiza nshawa kunja apima katundu wawo kuti azungu asadwale, n'chifukwa chiani amai a ku Kanyama agula mwa chikhulupililo chabe?

Pali zina zimene simufunika kuyembekezela munthu. Pooda chimanga, nyamulani botolo la galasi louma na mchele wouma bwino. Thilani chimanga pang'ono mu botolo, onjezani masupuni awili kapena atatu a mchele, tsekani, khuchumulani, siyani mphindi 15, khuchumulaninso. Mchele ukamatilila m'mbali mwa botolo, chimanga chikali na madzi, chikaume poyamba olo mtengo utsike. Njila iyi alangizi aphunzitsa alimi kwa zaka zambili, koma ofunika kuidziwa kwambili ni inu amene mutulutsa ndalama. Ndipo thumba lisagone pansi olo kutsamila khoma. Mapulanga olo njelwa na mitengo pansi pake zikwanila.

Palinso matumba aja a PICS. Nkhani yake inayamba kumapeto kwa ma 1980 kumpoto kwa Cameroon, kumene wofufuza za tuzilombo Larry Murdock wa ku Purdue University ku America, pamodzi na ofufuza a konko, anafuna njila yosungila nyemba popanda mankhwala. Thumba lake lili na mapulasitiki awili mkati na saka kunja, lililonse limangidwa palokha. Tuzilombo tumene tuli mkati tutsiliza mpweya, tuleka kudya na kuswana, pa last tufa. Kuyambila 2007 anayamba kuwafalitsa ku West Africa, ndipo manje matumba otele, a makampani osiyanasiyana, apezeka na muno m'mashopu ena a zaulimi. Likasamalidwa lingagwile nchito zaka zitatu. Koma mvetsetsani: mbeu iyenela kulowa youma, khoswe olo msomali ukaboola basi yatha, ndipo si thumba lotsegula m'mawa uliwonse. Linapangidwila mlimi amene amanga n'kuiwala mpaka miyezi ipite. Wa pa msika afunika lake la stock limene satsegula, na lina lotapamo tsiku na tsiku. Kodi kayela wochoka mu thumba lotele akhala masiku angati pa tebulo asanayambenso kufumbwa? Kodi matumba ang'ono a makilo 25 sangatithandize kopambana? Awa ni mafunso a pa msika, ndipo mwana wa pa UNZA amene afuna mutu wa digili yake angawapeze ulele ngati angatsike minibasi pa Soweto.

Chimene niopa maningi ni mapilisi aja otuwa amene ena aponya mu matumba n'kugona nawo m'nyumba imodzi. Aja atulutsa mpweya wa phosphine, wopha munthu, ndipo ni a anthu ophunzitsidwa kufukiza nkhokwe zotsekeka bwino. Mankhwala a fumbi naonso ali na muyeso wake wolembedwa pa paketi. Munthu akaona chuma chake chili kudyedwa athila kawili katatu, ndipo sinimuweluza. Niweluza amene adziwa njila yabwino koma sanabwele kudzamuuza m'chilankhulo chake.

A tomato musaganize kuti naiwala. Mu 2016 kambozi ka Tuta absoluta kanalowa muno, munaona mmene bokosi linakwelela. Chaka chomwecho chakumapeto kunabwela mbozi za fall armyworm mu chimanga, mpaka ndeke za asilikali zinanyamula mankhwala kupita m'zigawo. Tuzilombo tukagwa kumunda boma lithamanga, chifukwa makamela alipo. Tomato akaolela pa Soweto tsiku na tsiku, palibe athamanga. Ku Nigeria kuli kampani ya ColdHubs imene iika zipinda zozizila za sola mkati mwa misika, wogulitsa alipila pa kileti pa tsiku. Dzuwa lathu silichepa kopambana la ku Nigeria.

Ndalama nazo tikambe. Mu 2003 ku Maputo atsogoleli a Africa analonjeza kuika 10 pa 100 ya bajeti ku ulimi. Mu 2014 ku Malabo analonjezanso kuti pofika 2025 zokolola zoonongeka pambuyo pokolola zidzachepa na theka. Yendani kuseli kwa msika uliwonse muone mulu wa zoola, mudziyankhe mweka. A IAPRI, bungwe la ofufuza la mu Lusaka, akhala aonetsa kwa zaka zambili kuti gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi lipita ku FISP na FRA, pamene kafukufuku na alangizi apatsidwa zotsala. Maboma asintha, kagawidwe aka kakhalabe, ndipo amene agwila thumba la ndalama lelo ndiye ayenela kuyankha lelo. Feteleza ni wofunika, palibe akana. Koma kupatsa mlimi feteleza kuti akolole matumba 50, kenaka n'kusiya ena aphwanyidwe na tuzilombo, ena achite chuku pa njila yopita ku mbale ya munthu, ni kutunga madzi na dengu.

Sitipempha zinthu za mamiliyoni. Pa ofesi ya market master pa msika waukulu uliwonse pakhale kamakina kopimila chinyezi, kuti wooda apime asanalipile. Pakhale tsiku limodzi pa mwezi limene a zaumoyo a council na a ZARI abwela kupima nshawa, unga na peanut butter wa m'mabotolo opanda dzina, osati kudzalanda katundu na kuopseza, koma kuuza mwini zimene apeza na kumene anaoda. Zotulukapo zimatidwe pa geti mu Chinyanja na Chibemba. Ndipo pakhale sitolo youma, yosadontha, yokhala na mapulanga pansi, pakuti levy mulipila tsiku lililonse, mvula olo dzuwa.

A komiti ya msika akaitana msonkhano wotsatila, wina aimilile afunse kuti pa levy ya mwezi umodzi, ni zingati zingagule kamakina kamodzi kopimila chinyezi. Funsani na khansala wanu, na MP wanu, pakuti ndalama za CDF zimanganso misika. Akayankha, lembani tsiku na dzina, mudzatiuze kuno.